Kutchipa kuli pati mu Lilongwe? Za banyira, kunenerera ndi mtengo wobisika wa katundu

Tomato yemweyo, wothyoledwa m'dimba limodzi ku Dedza kapena ku Ntcheu, amatha kukhala ndi mitengo inayi mu Lilongwe tsiku lomwelo. M'bandakucha, galimoto ikamatsitsa madengu pa msika wa Wakawaka, amapita pa mtengo wopikulitsa. Dzuwa likafika paliwombo ali pa milu mu msika wa Lizulu, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo wakwerako. Madzulo ali pa benchi ya mayi wina ku Area 23 kapena ku Chinsapo, atatu pa mulu, wakweranso. Wina wakutidwa bwinobwino m'sitolo yaikulu, akugulitsidwa pa sikelo. Palibe waba pamenepa. Aliyense amene tomatoyu wadutsa m'manja mwake waikapo ya thiransipoti, ya tikiti ya msika, ya tomato amene waphwanyika panjira, ndi kaphindu koti ana adyere kunyumba.

Ndayamba ndi tomato chifukwa akuonetsa chimene ambiri timachiphonya tikamasaka zotchipa. Timayang'ana chikwangwani, timamvera wofuula, timathamangira kumene kwalembedwa kuti mitengo yatsika. Koma kutchipa kwenikweni mu mzinda uno kumabisala pa zinthu zina: nthawi imene mwagula, muyeso umene mwagulira, malo amene mwaima pa mzere wa anthu amene katunduyo amadutsamo, ndi kutalika kwa moyo wa chinthucho chikafika pakhomo. Ndipo pali chowawa china chimene sindifuna kuchibisa: njira zambiri zopulumutsira ndalama zimafuna kuti munthu akhale kale ndi ndalama.

Chifukwa chake mitengo siikhazikika

Zambiri zimene timagula sizipangidwa kuno. Zovala, nsapato, mafoni, ziwiya zamagetsi, mankhwala, feteleza, mafuta a galimoto, zonsezi zimalowa kudzera ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Songwe, zitachoka ku madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Ngakhale zimene zimapangidwa ku Kanengo kapena ku Blantyre, zipangizo zake zambiri ndi zakunja. Woitanitsa katundu salipira ndi kwacha, amafuna madola. Madola akasowa kubanki amakawagula pa msika wakuseri, pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo umenewo ndi umene mumaupeza pa shelefu.

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo aliyense akukumbukira mmene mitengo inasinthira m'masiku ochepa, ngakhale ya katundu amene anali kale m'sitolo. Wamalonda amawerengera mtengo umene adzaodere mawa, osati umene anaodera dzulo. Tikhoza kukwiya nazo, ndipo nthawi zina pamakhaladi dyera, koma kudziwa zimenezi kumathandiza: katundu wakunja kuno sakonda kutsika. Mukamudikira kuti atsike, kawirikawiri mumadzamupeza wakwera. Zakumunda ndiye zimakwera ndi kutsika motsata nyengo, ndipo m'menemo ndi mmene wodekha amapindula.

Wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri

Pitani pa okala iliyonse ku Mgona, ku Kauma kapena ku Mtandire. Mupeza mafuta ophikira omangidwa m'timachubu, shuga woyezedwa m'timapepala, sopo wodulidwa, makala a m'kajumbo, ndi kathumba ka ufa kamene timakatcha wokumani. Zimaoneka zotchipa chifukwa ndalama imene ikutuluka m'thumba ndi yochepa. Koma tiwerengere, ndipo manambala awa ndi ongofanizira poti mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi. Tinene kuti botolo la mafuta la malita awiri lili pa K12,000, ndiye kuti lita imodzi ndi K6,000. Kachubu ka mamililita 50 akugulitsa K500. Kuti mudzaze lita imodzi pafunika timachubu 20, yomwe ndi K10,000. Mayi amene amagula kachubu tsiku lililonse walipira K4,000 yoonjezera pa lita iliyonse kuposa mnzake wa ku Area 47 amene ananyamula botolo lonse kamodzi.

Izi sizichitika chifukwa mayiyo sadziwa masamu. Amawadziwa bwino kuposa ambiri a ife. Wapeza K3,000 lero pochapa zovala za eni ake, ndipo ndalama imeneyo iyenera kukwana ufa, ndiwo, mafuta ndi moto usiku womwewo. Sangasunge kuti adzagule botolo Loweruka pamene ana akufuna kudya Lachiwiri. N'chifukwa chake malangizo oti "muzigula zambiri nthawi imodzi" amandipweteka akamaperekedwa mopepuka, ngati kuti anthu amasankha dala kuluza.

Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yakale lomwe, ya mutu umodzi susenza denga. Belo ya shuga imakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Thileyi ya mazira imakhala ndi mazira 30. Sopo amabwera m'katoni, mchere m'belo, mpunga m'thumba, mafuta m'chigubu cha malita 20. Mabanja anayi kapena asanu a pa mdadada umodzi akasonkha, m'modzi n'kupita kukaoda ku masitolo opikulitsa a ku Area 2, aliyense amagula pa mtengo wa wamalonda ndipo thiransipoti imalipidwa kamodzi. Amayi ambiri a m'mipingo, m'maofesi ndi m'mabanki a m'khonde akuchita kale zimenezi: ena amasonkha chaka chonse n'kudzagawana katundu mu Disembala, ena amachita chipereganyu, mwezi uno katundu apite kwa uje, mwezi wamawa kwa uje. Pa nthawi imene mitengo ikukwera chonchi, gulu limene limagula katundu mwezi ndi mwezi n'kumasunga limapindula kuposa limene limasunga ndalama kudikira Disembala, chifukwa ndalama yogona imafika kumapeto kwa chaka itaonda.

Chofunika pagulu ndi kulemba. Kabuku kakhalepo, malisiti aziwonetsedwa kwa onse, ndipo wosunga ndalama asakhale yemweyo wokagula. Magulu ambiri abwino anatha osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa cha kukayikirana kumene kukanatha ndi lisiti imodzi. Ndipo musakongole katapila kuti mukagule zambiri pa mtengo wotsika. Chiwongoladzanja cha katapila chimadya zonse zimene mwapulumutsa n'kupitirira.

Nyengo

Chimanga ndicho chitsanzo chachikulu. Kuyambira Epulo mpaka Juni, anthu akamakolola, mtengo umakhala pansi. Ukafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha ndipo chakumunda chisanache, thumba lomwelo la makilogalamu 50 limafika pa mtengo woti banja limayamba kudya kamodzi patsiku. Amene ali ndi kangachepe nthawi yokolola n'kugula matumba angapo ku Mitundu, ku Nsundwe kapena ku Nanjiri wachita chinthu chachikulu kuposa kuthamangira mapulomoshoni onse a chaka. Chimodzimodzi nyemba, mtedza, soya ndi mpunga.

Koma chimanga chogula msanga chili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi chinyezi. Chimanga chosauma chimalemera pa sikelo, ndiye kuti mukugula madzi, ndipo chikafika m'thumba chimachita chuku. Lumani njere: youma imaphulika ndi phokoso, yaiwisi imangophwanyika mwakachetechete. Wachiwiri ndi anankafumbwe. Chimanga chosathira mankhwala, kapena chosasungidwa m'matumba osalowa mpweya aja otchedwa PICS, pofika Okutobala chimakhala ufa wa tizilombo. Mtengo wa mankhwala kapena wa thumbalo uziwerengedwa limodzi ndi wa chimanga. Ndipo mukapita kuchigayo kukakonola, musasiye madeya. Ndi anu, ndipo oweta nkhuku ndi nkhumba amawagula.

Tomato amadula nthawi ya mvula, amatchipa m'chilimwe madimba akapsa. Mango akafika mu Novembala ndi Disembala amachita kutayika. Yunifolomu, makope ndi nsapato za ana zimavuta sabata imene sukulu zikutsegulira mu Sepitembala, pamene aliyense akuzifuna ndipo telala ali ndi mulu wa nsalu. Gulani mwezi umodzi zisanatero. Kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, wogulitsa salola kutsitsa chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kwanu kukubwera wina. Pakati pa mwezi, msika utazizira, munthu yemweyo amakuitanani mutayamba kuchoka. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, malata, njinga ndi simenti zimapeza ogula ambiri, ndipo si nthawi yabwino yoyembekezera chifundo kwa wogulitsa zimenezi.

Ngakhale tsiku lili ndi nyengo zake. Mamawa ndi a wopikula ndi wofuna kusankha zabwino. Madzulo ndi a zinthu zosachedwa kuwonongeka: masamba, tomato wakupsa kwambiri, nthochi. Wogulitsa safuna kubwerera nazo. Nsomba zaziwisi ndi nyama zokha ndiye ndimakana kuzigula chifukwa zatchipa madzulo. Zatha tsiku lonse padzuwa, ndipo ndalama ya kuchipatala imaposa imene mwasunga.

Pa zonsezi muziikapo mtengo wa ulendo. Kuchoka ku Area 25 kupita ku Wakawaka ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, mwinanso kabaza wa katundu. Ngati mukukagula tomato wa masiku awiri, mwaluza musanafike. Ulendo wotere umapindula mukamagulira nyumba zingapo kapena mwezi wathunthu.

Muyeso

Mtengo ukhoza kukhala wabwino koma muyeso n'kukudyerani. Pamsika timagula ndi ndowa, chigoba, mbale, kapu ndi mulu, ndipo zonsezi zilibe lamulo lenileni. Pali ndowa zimene zinapondedwa pansi kuti zilowe m'kati. Pali zigoba zimene zinadulidwa milomo. Mbale ya usipa imatha kuikidwa mwaluso, nsomba zitaimirira, m'kati muli mphako. Thumba la makala limakhala ndi makala akuluakulu pamwamba, pamene analukapo ndi luzi, pansi pali fumbi ndi zinyenyeswa. Mulu wa mbatata umakhala ndi zazikulu kunja, zing'onozing'ono zitabisika pakati. Si onse amachita izi, ndipo ambiri ndi anthu oona mtima, koma maso ndi anu. Gwirani ndowayo, yang'anani pansi pake. Ngati mumagula chimanga kapena nyemba kawirikawiri, nyamulani chigoba chanu.

Sikelo ndiye ili ndi lamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo ndi mapampu a mafuta, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Muli ndi ufulu woona kuti muvi uli pa ziro nyama isanaikidwe. Njira yapafupi yoyesera sikelo yokayikitsa ndi kuikapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imene mwagula kusitolo.

Pa makala ndinenepo mawu amodzi. Makala ambiri amene amalowa mu Lilongwe pa njinga m'mamawa amachokera ku nkhalango ngati ya Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Madzi amene timamwa amachokera kumeneko. Sindikuweruza wophikira makala, poti magetsi ndi gasi si onse angazikwanitse. Koma mbaula yosunga moto, ya dothi m'kati, imachepetsa makala amene banja limatentha, ndipo kuviika nyemba usiku kumafupikitsa nthawi yophika. Apa thumba lanu ndi nkhalango zikufuna chinthu chimodzi.

Kunenerera ndi banyira

Kunenerera si ndewu. Ndi kucheza kumene kuli ndi malamulo ake, ndipo wosawadziwa amalipira zambiri kapena amachoka atanyoza munthu. Lamulo loyamba ndi moni. Munthu amene wangofika n'kuloza chinthu ndi chala, "zingati ichi?", wauza kale wogulitsa kuti ndi mlendo kapena ndi wothamanga, ndipo onse awiri amapatsidwa mtengo wapamwamba.

"Mwaswera bwanji amayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu akasitomala. Bwerani muone, kuona n'kwaulere."

"Nyembazi mukuchita bwanji?"

Akatchula mtengo, simukuyenera kudzidzimuka mokokomeza kapena kunyoza katundu. Mumangoti, "Iii, tsitsaniko amayi, ndikufuna zigoba ziwiri." Iwo amati, "Ndaoda modula achimwene, sindipezapo kanthu. Inu muli ndi zingati?" Funso limenelo ndi khomo. Mukatchula mtengo wotsikitsitsa mopanda ulemu, khomo limatsekeka. Mukatchula wapafupi, amati "onjezeraniko pang'ono," ndipo mumakumana pakati. Chimene chimakupatsani mphamvu si kukuwa, ndi kudziwa mtengo. Funsani mabenchi atatu musanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula.

Pa zakudya, nthawi zambiri mtengo wa mulu sutsika, koma muluwo umakula. Imeneyo ndiye banyira, ena amati pulaizi: tomato mmodzi woonjezera, kadzanja ka bonya, nthochi ziwiri za mwana amene mwamubereka. Banyira ndiye chaulere chenicheni chimene ndimachidziwa mu Lilongwe, chopanda chingwe kumbuyo. Koma sichigwa kumwamba. Chimapita kwa kasitomala amene amabwerera, amene amadziwa dzina la mwana wa wogulitsa, amene tsiku lina anabweza chenje chimene anapatsidwa mopitirira. Mukakhala ndi mayi wanu wa tomato, bambo wanu wa nyama, mnyamata wanu wa mbatata, amakusungirani zabwino, amakuuzani kuti "lero musagule, mawa kubwera zatsopano," ndipo tsiku limene mwaperewera amakukongozani. Phindu la ubale umenewu pa chaka limaposa la munthu amene amayendayenda kusaka wotchipa ndi K50.

Apa pali chinthu chimene chimandikhudza. Timalowa m'sitolo yaikulu, timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa, ngakhale wakwera kawiri mwezi umodzi. Tikatuluka panja timapeza agogo atakhala pansi ndi mpiru ndi chisoso chimene anyamula pamutu kuchoka kutali, ndipo pamenepo ndiye timakhala akatswiri onenerera. Phindu lawo pa mulu uliwonse ndi laling'ono kwambiri. Kunenerera kuli ndi malo ake: pa nsapato, pa foni, pa mipando, pa matayala, pa katundu amene mtengo wake woyamba unaikidwa dala pamwamba. Pa masamba a agogo, lipirani, ndipo akakupatsani banyira muthokoze ndi manja awiri.

Kaunjika

Mukawoloka mtsinje kuchoka ku Lizulu, pa timilatho tamatabwa tija timene mumalipira kangachepe kuti mudutse, mumafika ku Tsoka, likulu la kaunjika mu mzinda uno. Zovala zimabwera m'mabelo omangidwa ndi zingwe, osanjidwa m'magulu malinga ndi mtundu ndi ubwino wake. Wogula belo saona za m'kati asanalipire. Akhoza kupeza zabwino zambiri, akhoza kupeza nsanza theka. N'chifukwa chake zovala zoyamba kusankhidwa belo ikangotsegulidwa zimadula: zimenezo ndizo ziyenera kubweza ndalama ya belo yonse. Eni mabutiki ndi ogulitsa pa WhatsApp amafika nthawi imeneyo, amasankha zapamwamba, amakachapa, kusita, kujambula, n'kukugulitsani pa mtengo wowirikiza. Zotsala zimatsika tsiku ndi tsiku mpaka kufika pa mulu wa mtengo umodzi, umene mnyamata amauimbira nyimbo.

Choncho pa kaunjika pali nthawi ziwiri zabwino. Ngati mukufuna suti, jekete kapena nsapato yolimba yoti muvale zaka, dziwani tsiku limene wogulitsa wanu amatsegula belo ndipo mufike mamawa. Ngati mukufuna zovala za ana zosewerera, amene akukula mwezi uliwonse, dikirani mulu wotsika. Masitolo a kaunjika a bungwe la DAPP amayendanso motero: katundu watsopano akafika mtengo umayamba pamwamba, n'kumatsika masiku akamapita mpaka wina adzafike. Funsani ogwira ntchito kuti watsopano afika liti.

Chovala chiyang'aneni padzuwa, osati mumthunzi wa shedi. Onani m'khwapa, pakhosi, pakati pa miyendo, zipi ndi mabatani. Nsapato ipindeni pang'ono muone ngati soli yayamba kusweka, chifukwa ina imakhala itapakidwa polishi ndi guluu kuti idutse tsiku limodzi lokha.

Kaunjika nayenso sakutchipa ngati kale. Mu Febuluwale 2025 mavenda a zovalazi mu Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula za kukwera kwa mtengo wa mabelo, kumene kunabwera ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Wogulitsa akakuuzani kuti belo yadula, nthawi zambiri sakunama. Komabe malaya a kaunjika abwino amatha kukhala nthawi yaitali kuposa atsopano otchipa amene amasuluka mukangochapa kawiri.

Zikwangwani zofiira za m'masitolo

Masitolo akuluakulu a ku Gateway Mall, ku City Mall, ku Crossroads ndi kwina amatsitsadi mitengo nthawi zina, makamaka kumapeto kwa mwezi, pa Khirisimasi, ndi pa Black Friday, nthawi yotsitsa mitengo ya kumapeto kwa Novembala, imene yafika kuno zaka zaposachedwapa. Zina mwa zotsitsazo ndi zenizeni, ndipo pa zinthu ngati shuga, mafuta, sopo wochapira ndi matewera, sitolo yaikulu imatha kutchipa kuposa okala. Koma sitolo imatsitsa zinthu ziwiri kapena zitatu kuti mulowe, podziwa kuti mutuluka ndi khumi. Lowani ndi pepala la zimene mwadzera.

Funso loyamba pa chinthu chotsitsidwa ndi lakuti, chatsika chifukwa chiyani? Tembenuzani paketi muone tsiku lothera ntchito. Mkaka, yogati, majalini kapena ufa wa phala la mwana umene watsala ndi masiku asanu si woipa ngati muudya m'masiku asanuwo, koma kugula zitatu chifukwa zatchipa ndiye kutaya ndalama. Funso lachiwiri ndi kulemera. Paketi imatha kuoneka ngati yakale koma magalamu atachepa, choncho yerekezani mtengo wa kilogalamu kapena wa lita, osati wa paketi. Nthawi zina timapaketi tiwiri tating'ono timatchipa kuposa chachikulu chimodzi. Foni yanu ili ndi kakyuleta, igwiritseni ntchito pomwepo popanda manyazi.

Lachitatu ndi pa thilu. Mtengo wa pa shelefu ndi umene wakulowetsani, ndipo ndi umene muyenera kulipira. Yang'anani pamene akudutsitsa katundu, werengani lisiti musanatuluke. Mukapeza kusiyana, nenani pomwepo, modekha. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndiponso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda limene linakonzedwanso mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene likulu lake lili mu Lilongwe momuno, limalandira madandaulo a ogula pa nkhani za mitengo yonyenga, katundu wotha ntchito ndi katundu wosalongosoka, ndipo lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi lamulo. Palinso bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, limene John Kapito wakhala akulilankhulira kwa zaka zambiri. Koma onsewa amafunsa chinthu chimodzi poyamba: lisiti ili kuti?

Ndinaphunzira zimenezi ndi ketulo yamagetsi. Ndinaigula m'kasitolo kena mu Old Town, yonyezimira, pa theka la mtengo wa kwina. Mnyamata wogulitsa anandiuza kuti ndikafuna lisiti mtengo ukwera, ndipo ndinavomera kuchoka wopanda. Sabata isanathe inanunkha pulasitiki wopsa n'kuzima. Nditabwerera nayo anandifunsa umboni woti ndinaigula pamenepo, ndipo ndinalibe. Chimene chinandiopsa kwambiri si ndalamayo, koma kuti ketuloyo inapsa ana ali m'nyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa zamagetsi, ma chaja, mabatire a sola, mawaya, mankhwala, mbewu ndi feteleza, chotchipa modabwitsa chiyenera kukuopsani. Feteleza wosakaniza ndi mchenga ndi mbewu yopakidwa utoto zagwetsa alimi ambiri, ndipo iwo amazindikira mvula itapita kale. Chamagetsi chiyesedwe muli pomwepo, ndipo lisiti ilembedwe dzina la chinthucho ndi masiku a galanti.

Zaulere

Makampani a mafoni, a zakumwa ndi mabanki amachititsadi mipikisano, ndipo anthu ena amapambanadi. Ngati mukanagula kale chinthucho, lowani nawo, palibe choipa. Koma kugula mayunitsi kapena mabotolo oonjezera kuti mwina mupate galimoto ndi juga yovala suti. Mabandulo a intaneti ndi a mphindi zoyankhulira amatchipa kuposa kugwiritsa ntchito mayunitsi mwachindunji, koma bandulo yaikulu imene yatha masiku musanaimalize ndi ndalama yotayika. Pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, kutapa ndalama kumadula, choncho kutapa kangapo pang'onopang'ono kapena kutapa kuti mukalipire pamalo pamene akanalandira za pafoni ndi kuwonjezera mtengo wa katundu mosadziwa.

Ndiye pali zaulere zakupha. Uthenga umabwera: mwapambana ndalama, mwasankhidwa kulandira thandizo, katundu wanu wafika pa boda. Kuti mulandire, tumizani kangachepe pa nambala iyi, kapena tiuzeni nambala yachinsinsi. Wina amaimba ndi mawu aulemu, akudzitcha wa ku kampani ya foni. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mauthenga amenewa amachokera ngakhale m'ndende. Mfundo yake ndi yachidule: simungapambane mpikisano umene simunalowe, mphoto yeniyeni silipiritsa, ndipo palibe wogwira ntchito ku kampani kapena kubanki amene ayenera kudziwa PIN yanu. Akuluakulu athu kumudzi ndiwo amagwidwa kwambiri, ndiye muwauze mobwerezabwereza.

Pa Facebook ndi WhatsApp pali malonda abwino, makamaka mipando, mafiriji ndi ziwiya za anthu amene akusamuka. Koma chithunzi si katundu. Amene akuti "tumizani dipoziti, anthu ambiri akuchifuna" musanachione, musiyeni. Kumanani masana pamalo pa anthu, yesani chinthucho, ndalama ituluke pomaliza. Foni yotchipa kwambiri yopanda bokosi kapena lisiti ikhoza kukhala yobedwa, ndipo apolisi akailondola amapeza inu.

Kabuku ka mitengo

Chida chimene chandithandiza kuposa zonse ndi kope la mwana wasukulu limene linatsala masamba. Ndimalembamo zinthu zosapitirira khumi zimene zimadya ndalama zambiri pakhomo pathu: ufa kapena chimanga, mafuta, shuga, sopo, makala, nyemba, mazira, mpunga. Pambali pa chilichonse ndimalemba tsiku, malo, mtengo ndi muyeso. Pakatha miyezi itatu kabukuko kamayamba kulankhula. Kanandionetsa kuti sitolo imene ndinkaiyesa yodula inali yotchipa pa sopo ndi mafuta, koma yodula pa mpunga ndi nyemba, zimene ndimagula kumsika tsopano. Kanandionetsa kuti chikwangwani china cha "mtengo watsika" chinali ndi mtengo womwewo umene ndinalipira milungu itatu m'mbuyomo. Mwezi uno anansi awiri abwera kudzakopera masamba ake, ndipo Loweruka likubwerali tikupita limodzi ku Area 2 kukatenga belo ya shuga ndi chigubu cha mafuta, titagwirizana kale kuti mabotolo ogawira abwera ndi mayi a kuseri kwa nyumba yathu.